Zoyenera kukhala m'matumba a zovala za ozimitsa moto ndi kaikidwe kake

Matumba a jekete ndi buluku la ozimitsa moto ndi aakulu, ndipo thumba lalikulu limanyenga. Munthu akangoyamba ntchitoyi amafuna kulidzaza: mipeni iwiri, masipanala, tepi, mabatire, chingwe, mpaka buluku kumachita kumukokera pansi. Zaka zikamapita amatopa nazo, n'kuyamba kutaya chimodzichimodzi mpaka matumba kutsala pululu. Zonse ziwirizi n'kulakwitsa. Galimoto yozimitsira moto imanyamula zida zochuluka, koma ikaima pamsewu yaima pomwepo. Inu mukalowa m'nyumba yodzaza utsi, zanu ndi zomwe zili m'manja ndi m'matumba basi. Paja amati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo.

Choncho chilichonse chofuna malo m'thumba chiyankhe funso limodzi: kodi mungachitulutse n'kuchigwiritsa ntchito mutavala magolovesi okhuthala, maso sakuona kanthu, mutagona chammbali, mpweya wopuma wa m'silinda ya kumsana ukutha? Ngati simungathe, chidacho mulibe, ngakhale chili pathupi panu.

1. Khuthulani matumba onse patebulo

Yambani ndi kuona zomwe mukunyamula kale. Tulutsani zonse, ngakhale misomali yadzimbiri ndi timapepala tomwe tinamatirira pansi pa thumba, ndipo muziike milu itatu. Mulu woyamba ndi wa zida zopulumutsira moyo wanu kapena wa mnzanu zinthu zikavuta. Izi mwina chaka chitha osazigwira, koma sizichoka. Wachiwiri ndi wa zida zomwe mumazifuna pafupipafupi pa ntchito za tsiku ndi tsiku. Wachitatu ndi wa zija munaziika poganiza kuti "mwina tsiku lina". Mulu wachitatuwu ubwerere m'galimoto kapena m'chikwama.

Vuto lake ndi kulemera. Jekete, buluku, nsapato, chisoti ndi silinda ya mpweya pamodzi zimapitirira makilogalamu 20, musananyamule paipi kapena nkhwangwa. Silinda yolembedwa kuti ndi ya mphindi 30 amaiyeza poganizira munthu wopuma malita 40 a mpweya pa mphindi, koma wokwera masitepe atasenza katundu amapuma kuposa pamenepo, ndipo silindayo imatha msanga. Kilogalamu iliyonse yowonjezera mumailipira ndi mpweya.

Posankha za mulu wachiwiri, yang'anani ntchito yomwe mumaitanidwira kawirikawiri komanso udindo wanu m'gulu. Wogwira paipi kutsogolo, wothyola zitseko ndi woyendetsa pampu sasowa zinthu zofanana. Gulu lomwe limakhalira kuthamangira ngozi za pamsewu silinganyamule zofanana ndi lomwe dera lake ladzaza nyumba zosanja.

Musasokererepo thumba lanulanu kapena kuboola chovala kuti mukolekepo chida. Chovalachi chili ndi zigawo zitatu: nsalu yakunja yopirira moto, yopangidwa ndi ulusi monga Nomex, Kevlar kapena PBI; kansalu kapakati kotchinga madzi; ndi nsalu yamkati yotchinga kutentha. Kapakatiko kakabooka, kaya ndi singano kaya ndi nsonga ya sikuludiraiva, madzi otentha ndi nthunzi zapeza khomo. Kusintha kulikonse kuchitidwe ndi opanga chovalacho kapena okonza ovomerezeka.

2. Valani zonse, muone matumba omwe mukuwafikira

Ambiri amaika zida m'matumba jekete lili pa hang'ala. Kulakwa kumayambira pomwepo. Valani buluku, jekete, chisoti, magolovesi ndi silinda, mumange malamba onse monga mumachitira pa moto weniweni. Mupeza kuti lamba wa m'chiuno wa silinda wadutsa pamwamba pa matumba a m'munsi a jekete, kapena wawapanikiza moti dzanja silikulowa. Thumba lomwe limaoneka labwino kwambiri lija ndi lomwe latsekeka.

Tsopano gwadani, kwawani, gonani chagada, kenako chammbali mbali zonse ziwiri. Matumba a pantchafu amafikirika bwino mutagwada, koma lomwe mwaligonera lapita, ndipo chida cholemera m'menemo chimamenya bondo mukamakwawa. Thumba la pachifuwa limafikirika ndi manja onse awiri, n'chifukwa chake ndi malo amtengo wapatali. Musaliwononge poikamo cholembera ndi kabuku.

Mukatero gawani malo. Zopulumutsira moyo zipite komwe dzanja lililonse lingafike. Zida za ntchito zipite m'thumba la pantchafu la kudzanja lomwe mumagwiritsa ntchito kwambiri. Zofewa ndi zosafunika mwachangu, monga magolovesi opyapyala ndi zotsekera m'makutu, zipite m'matumba a jekete otsekeka ndi lamba aja. Thumba limodzi lisasunge zinthu zoposa zitatu kapena zinayi, pakuti chala cha m'golovesi lokhuthala sichisiyanitsa mpeni ndi sikuludiraiva zikakhala mulu umodzi.

3. Chodulira mawaya: chiyambe kupeza malo ndi ichi

Ngati mungaloledwe chida chimodzi chokha, sankhani ichi. M'nyumba zamakono mawaya ali paliponse pamwamba pa mutu: amagetsi, a intaneti, a wailesi yakanema, a mabelu ochenjeza za moto. Ambiri amayenda m'timipaipi tapulasitiki kapena amagwidwa ndi tizomangira tapulasitiki. Kukatentha pulasitiki imasungunuka, mawaya onse n'kugwera m'njira yomwe mukudutsa, ndipo malo oyamba kukodwa ndi kumsana, pa silinda, komwe simukuona ndiponso dzanja silifika.

Anthu afa nazo zimenezi. Mu Epulo 1994, ozimitsa moto awiri anamwalira m'nyumba yosanja ya Regis Tower ku Memphis, m'dziko la America, ndipo mmodzi anapezeka atakodwa m'mawaya a wailesi yakanema. Pa 2 Febuluwale 2005, ku Harrow Court m'tauni ya Stevenage ku England, ozimitsa moto awiri anafa, mmodzi atakodwa m'mawaya omwe anagwa pulasitiki yowasunga itasungunuka. Pa 6 Epulo 2010 enanso awiri anafa ku Shirley Towers mumzinda wa Southampton, ndipo mawaya ogwa anali m'gulu la zomwe zinasokoneza ntchito usiku umenewo. Pambuyo pake magulu ozimitsa moto ku Britain anayamba kupereka zodulira mawaya kwa olowa m'moto ndi kuika timalamba totseka mpata wa pakati pa silinda ndi msana, ndipo malamulo oyalira mawaya anasinthidwa kuti mawaya azigwidwa ndi zinthu zosagonja msanga pa moto. Koma nyumba zakale zilipobe, ndipo m'maiko ambiri lamulo lotere kulibe.

Posankha chodulira, onani zinthu izi. Chizitseguka chokha ndi sipuling'i, kuti muzidula ndi dzanja limodzi. Milomo yake itseguke mokwanira kuluma mawaya angapo nthawi imodzi. Yopindika ngati mlomo wa mbalame imagwira waya osamulola kuthawa. Zogwirira zikhale zazitali ndithu, pakuti kachodulira kakang'ono kamamira m'golovesi. Ndipo chiyeseni pa waya wovuta kwambiri, uja wachitsulo wopotana wa m'mapaipi ofewa oyendetsa mpweya m'siling'i. Zodulira zotchipa zimangomupinda wayayo, osadula. Zogwirira zovomerezeka kupirira mavolti 1,000 ndi zabwino, koma zikanyowa, zikada kapena zikang'aluka musazidalire. Waya aliyense muzimutenga ngati ali ndi magetsi.

Mangani kalamba kakafupi pa chogwirira chimodzi, nsonga yake izifika pa chivindikiro cha thumba, kuti mukakoka chodulira chizituluka chokha. Milomo iloze pansi, m'kachikwama kodulidwa ku paipi yakale yamadzi, kuti isadye nsalu ya thumba. Malo ake ndi pachifuwa, kapena pamwamba penipeni m'thumba la pantchafu. Amene angakwanitse anyamule ziwiri, china mbali iyi china mbali inayo.

Mukakodwa, choyamba imani. Kulimbana ndi waya kumangomangitsa mfundo. Bwererani m'mbuyo pang'ono, popeza nthawi zambiri wayayo amakoleka kutsogolo kwa silinda ndipo amamasuka mukabwerera. Akapanda kumasuka, itanani thandizo pa wailesi nthawi yomweyo, musadikire kuti zivute kaye: nenani kuti ndinu ndani, muli pati, chachitika n'chiyani, mpweya watsala wochuluka bwanji. Kenako gonani chammbali, silinda iloze pansi, muzunguze dzanja kuchokera m'chiuno kupita kumutu kufufuza wayayo. Musanadule, mutsatireni ndi zala mutsimikize kuti si kapaipi ka mpweya wanu kapena chingwe cha wailesi yanu. Dulani mmodzimmodzi, n'kumaponya zodulazo kutali ndi thupi.

4. Lamba wa nayiloni

Chachiwiri ndi lamba wa nayiloni wa mphako mkati, wotambalala mamilimita 25, wotalika pafupifupi mamita 6. Ndi wopepuka, satenga malo, ndipo watsopano amapirira mphamvu ya makilonyutoni pafupifupi 18, ndiko kuti kulemera kwa makilogalamu pafupifupi 1,800. Ntchito zake n'zambiri: kukoka munthu wokomoka, kugwira chitseko kuti chisatseguke chonse, kukwezera zida pazenera, kumangira paipi pa masitepe kuti kulemera kwake kusakokere pansi ogwira kutsogolo, ndi kulumikizana ndi mnzanu pofufuza m'chipinda chamdima.

Lumikizani nsonga zake ziwiri akhale ngati mkombero. Mfundo yoyenera imamangidwa motere: pangani mfundo wamba, yosakoka, kunsonga imodzi, lamba ali chafulati osapotoka. Tengani nsonga inayo muilowetse kuyambira pomwe yoyambayo yatulukira, n'kuitsatiza njira yonse ya mfundoyo chobwerera, malamba awiriwo atagonerana. Pomaliza nsonga ziwirizo zikhale zitaloza mbali zosiyana. Siyani masentimita osachepera 8 kunsonga iliyonse, ndipo ikokeni ndi thupi lanu lonse kuti ilume. Mfundo imeneyi ili ndi khalidwe limodzi loipa: imasefuka pang'onopang'ono ikamagwiritsidwa ntchito. Muziona nsonga zake nthawi zonse, zikafupika mumangenso.

Kasungidwe ndi komwe ambiri amagwa. Lamba woponyedwa m'thumba chisawawa amatuluka ali mpira wa mfundo, atakoka ndi zina zonse za m'thumbamo. Mkulungeni molimba kuyambira pa mfundo, mumulowetse m'golovesi lopyapyala la kuchipatala, mbali yomalizira izituluka pang'ono. Golovesilo limamuteteza ku madzi ndi mwaye, ndipo mukakoka amatuluka bwinobwino. Akhale yekha m'thumba lake, kapena pamodzi ndi karabina imodzi (mphete yachitsulo yokolekera, yokhala ndi kachitseko ka sipuling'i) yokula moti mungaitsegule mutavala magolovesi.

Pokoka munthu wokomoka, dutsitsani mkomberowo kumsana kwake ndi m'khwapa zonse ziwiri, mulowetse mbali imodzi mwa inzake kuti ugwire chifuwa, mukokere chakumutu. Onetsetsani kuti lamba sanakwere pakhosi. Ngati wagwayo ndi mnzanu wa ntchito, kumbukirani kuti majekete osokedwa motsata muyeso nambala 1971 wa NFPA (bungwe la ku America loika miyeso ya chitetezo ku moto) kuyambira mu 2007 ali ndi lamba wokokera mkati mwake, ndipo chogwirira chake chili pansi pa kolala kumbuyo. Dziwani ngati majekete a gulu lanu ali naye.

Nayiloni amasungunuka pa madigiri pafupifupi 250, ndipo amayamba kufooka asanafike pamenepo. Lamba yemwe wauma gwa, wasintha mtundu kapena wakhudzana ndi asidi wa batire, mtayeni. Ndipo lamba ameneyu si chingwe chotsikira pazenera.

5. Chingwe chothawira

Pa 23 Januwale 2005, ku Bronx mumzinda wa New York, ozimitsa moto 6 anatsekerezedwa ndi moto pa nsanjika yachinayi ya nyumba yomwe zipinda zake zinagawidwa mosatsata malamulo. Anatulukira pamazenera. Awiri anamwalira tsiku lomwelo, enawo anavulala kwambiri. Gulu lawo linali litasiya kupereka zingwe kwa munthu aliyense payekha mu 2000. Ngoziyi itachitika, aliyense anapatsidwa zida zothawira: mbedza yokolera pazenera, chingwe cha mamita 15 chopirira kutentha, ndi kachipangizo kochepetsa liwiro potsika.

Ngati dera lanu lili ndi nyumba zosanja, nkhani ya chingwe siyoti n'kuinyalanyaza, komanso siyoti n'kuithetsa pogula chingwe chilichonse. Chingwe chothawira chovomerezeka pa muyeso nambala 1983 wa NFPA (womwe tsopano uli mbali ya muyeso nambala 2500) chimakhala chokhuthala mamilimita 7.5 mpaka 9.5 ndipo chimapirira makilonyutoni osachepera 13.5. Chimafunika lamba wa m'chiuno ndi m'ntchafu wopangidwira ntchitoyo, mbedza, ndi maphunziro obwerezabwereza pamalo pomwe pali chingwe china chotetezera. Munthu wosaphunzira akatuluka pazenera ndi chingwe, amagwa nacho. Zida zimenezi zimakhala m'thumba lakelake chakuntchafu, zolumikizidwa kale ku lamba, ndipo m'thumbamo simulowa china chilichonse. Chingwe chomwe chatsitsapo munthu pa moto weniweni sichibwereranso m'thumba.

6. Tochi ndi timatabwa ta zitseko

Tochi zikhale ziwiri kapena kuposerapo, chifukwa imodzi imafa nthawi yomwe mukuifunitsitsa. Yaikulu ikhale pachifuwa, yokhota mutu, kuti manja akhale omasuka. Ina pachisoti kapena m'thumba. Mu utsi, kuwala kotambalala kumabwerera m'maso mwanu, choncho sankhani yowala mosongoka. Batani lake likhale lalikulu, ndipo ikhale yovomerezeka kugwiritsidwa ntchito pomwe pali gasi wotha kuphulika. Zonse zikamadya mabatire amtundu umodzi, moyo umaphweka.

Timatabwa tosongoka mbali imodzi ndi chida chotchipa kuposa zonse, ndipo wozimitsa moto wozolowera ntchito mumamudziwira pamenepa. Dulani nokha ku thabwa lotsala: masentimita pafupifupi 10 m'litali, 4 m'lifupi, ndi 3 kumbali yokhuthala. Nyamulani tiwiri kapena titatu. Tathabwa timaposa tachitsulo ndi tapulasitiki chifukwa timaluma bwino ndipo simudandaula mukatisiya m'nyumba. Chitseko chodzitseka chokha chikatsekera paipi yopanda madzi pansi pake, madzi akabwera paipiyo imafufuma n'kuchikhoma. Inu mkati, madzi ochepa, khomo lotseka. Kathabwa kamodzi kamapewetsa zonsezo. Kaikeni pamwamba pa chitseko kapena kumbali ya mahinji, osati pansi pomwe nsapato ndi paipi zingakachotse. Pothyola chitseko, kathabwa kamasunga mpata womwe mwapeza pamene mukusuntha chitsulo chothyolera. Tiwiri tolowetsedwa moyang'anana timatseka kampopi ka m'siling'i kowaza madzi, moto ukazima.

Koma apa pafunika nzeru, pakuti chitseko chotsegula chimadyetsa moto mpweya. Kafukufuku wa bungwe la UL ku America anaonetsa kuti chipinda chokhala ndi mipando yamakono, ya siponji ndi pulasitiki, chimayaka chonse pasanathe mphindi 5, pomwe cha mipando yakale ya matabwa ndi thonje chinkatenga pafupifupi mphindi 30. Moto wotere umamaliza mpweya wa m'nyumba msanga n'kumadikira wina atsegule. Ndiye musapinge chitseko chili chotsegula chonse madzi asanakonzeke. Kolekani lamba uja pa chogwirira, chitseko chitseguke pongokwana paipi, ndipo wina achigwire. M'nyumba zosanja, chitseko cha kumasitepe chikapingidwa chimatumiza utsi kwa anthu onse okhala pamwamba. Kathabwa ndi koletsa chitseko kukutsekerani, osati kotsegulira moto njira.

Chothandizana ndi timatabwa ndi kachidutswa ka chubu cha tayala koboola mabowo awiri. Mukakoleka bowo limodzi pa chogwirira chakunja, lina chamkati, mphirayo imaphimba lilime la loko, ndipo chitseko chimatsekeka osakhomeka. Choko chachikulu kapena kirayoni yolembera pamatabwa ndi yolembera zitseko za zipinda zomwe mwafufuza kale, motsata zizindikiro zomwe gulu lanu linagwirizana.

Ena amakonda kumanga timatabwa ndi tochi pachisoti ndi mphira. N'zofikirika, inde, koma mphira imasungunuka, zinthuzo zimakola mawaya, ndipo khosi ndi lomwe limasenza. Ine ndimati kathabwa kamodzi pachisoti n'kokwanira.

7. Zida zing'onozing'ono, za pamsewu ndi za mabala

Apa ndi pomwe matumba amalemerera, choncho umirani. Mpeni umodzi wopinda, wotseguka ndi dzanja limodzi, wokhala ndi mano mbali ina. Sikuludiraiva imodzi yosintha mitu, yotsegulira mabokosi a magetsi ndi a mabelu ochenjeza. Pulaya yokhoma, ija ikaluma siisiya, yotsekera mpopi wothyoka chogwirira kapena kugwira loko pamene mnzanu akudula. Sipanala yopinda yomangira ndi kumasulira mapaipi, kwa omwe ntchito yawo ndi ya mapaipi. Zida zija zokhala ndi mipeni ndi tizitsulo tambirimbiri m'chimodzi n'zabwino pa ntchito zapanja, koma m'moto simungazitsegule mutavala magolovesi, ndiye zisatenge malo a chodulira mawaya.

Pa ngozi za pamsewu mufunika choswera galasi cha sipuling'i ndi chodulira malamba a m'galimoto. Choswera galasi chimagwira pa magalasi a m'mbali omwe amasweka tizidutswatizidutswa. Chikanikizeni pakona, mutaphimba wovulalayo. Pa galasi lakutsogolo sichigwira, chifukwa lili ndi pulasitiki pakati, ndipo magalimoto ambiri atsopano ali ndi magalasi oterewa m'mbali momwe. Sipanala ya mamilimita 10 imamasula mitu yambiri ya batire la mavolti 12. Yambani ndi waya wa negetivu, ndipo musanamasule sunthani mipando ndi kutsitsa mazenera oyendera magetsi ngati pakufunika kutero. Mawaya a mtundu wa olenji m'magalimoto oyendera magetsi amanyamula mphamvu yoopsa: chodulira chanu chisawayandikire. Magalasi oteteza maso ndi magolovesi opepuka a ntchito zapanja zikhale m'thumba la jekete.

Za mabala: magolovesi a kuchipatala mapeyala awiri, m'kabotolo kotseka kapena m'kapepala kapulasitiki kuti asadetsedwe; sizasi yodulira zovala; ndi lamba woletsa magazi wokhala ndi kamtengo kopotera. Lambayu amamangidwa masentimita 5 mpaka 7 pamwamba pa bala, osati pa bondo kapena chigongono, n'kupotedwa mpaka magazi aleke, ndipo nthawi yomwe mwamanga ilembedwe. Mutulutseni m'pepala lomwe anabweramo ndipo muphunzire kudzimanga ndi dzanja limodzi, pakuti wovulalayo mwina mudzakhala inuyo.

8. Wailesi

Wailesi yam'manja siipirira kutentha monga zovala zanu, ndipo malo ake ofooka ndi chingwe chopita ku cholankhulira cha paphewa. Chikasungunuka, mawu anu satuluka, ndipo nthawi zina wailesiyo imatsekereza ena onse. Magulu ambiri amavala wailesi pa lamba wa paphewa mkati mwa jekete, chingwe chikudutsa mkati, cholankhulira chikutulukira pakolala, mlongoti wa wailesi uli kunja m'munsi mwa jekete. Kavalidwe aka kamasiyanso thumba la pachifuwa kuti mulowe chodulira mawaya. Tsatirani lamulo la gulu lanu, koma kaya ili pati, yesani ngati mungafikire batani la wailesi lochenjezera za ngozi mutavala magolovesi.

9. Zosayenera kulowa m'thumba

Laitala ndi zitini zopopera zimaphulika zikatentha. Foni ili ndi batire lomwe silifuna kutentha kapena kupsinjika, ndipo imabweretsa mwaye kutsaya ndi kunyumba kwanu. Chida chosongoka chopanda chophimba chimang'amba chovala, ndipo mukagwa chimalowa m'ntchafu. Zingwe ndi makarabina olendewera kunja kwa jekete amaoneka bwino pa chithunzi, koma ndi mbedza zodikira waya.

Chakudya, maswiti ndi fodya zisalowe n'komwe. Mu 2022 bungwe la IARC, nthambi ya WHO yofufuza za khansa, linaika ntchito yozimitsa moto m'gulu loyamba la zinthu zoyambitsa khansa, ndipo mwaye womwe umaunjikana pansi pa thumba ndi womwewo uli pa jekete. M'malo mwa chakudya, ikani tinsalu tonyowa topukutira khosi, nkhope ndi manja mukangotuluka, m'kapepala kotseka bwino.

10. Yesererani, kenako muziona tsiku lililonse

Mukamaliza kuika, valani zonse, muphimbe galasi la masiki kuti musaone kanthu. Mnzanu azitchula chida, inu muzichitulutsa, kuchigwiritsa ntchito ndi kuchibwezera. Bwerezani mutagona chagada, chafufumimba, ndiponso dzanja lanu lamphamvu litapanikizidwa pansi pa thupi. Chida chomwe chikufuna kuti muvule golovesi chisunthidwe kapena chimangiriridwe kalamba kokokera. Akumangeni mawaya akale pa silinda, mudule mukupuma mpweya wa m'silindamo, kuti mumve momwe mtima umathamangira.

Malo mukawapeza, musawasinthenso. Manja amaloweza, ndipo pa nthawi ya mantha amapita komwe anazolowera. Ndi bwinonso gulu lonse kugwirizana kuti chodulira mawaya ndi lamba woletsa magazi zizikhala m'thumba lofanana kwa aliyense, kuti wopulumutsa mnzake asayambe kufufuza.

Poyamba ntchito tsiku lililonse, gwirani thumba lililonse. Yatsani tochi zonse. Tsegulani ndi kutseka chodulira, ndipo chikayamba kuuma chipakeni mafuta pang'ono, chifukwa thumba lonyowa limachititsa dzimbiri m'masiku ochepa. Onani mfundo ya lamba, ndi zomatira za zivindikiro za matumba ngati zikugwirabe. Pochapa zovala, zomwe malamulo a NFPA amati zichapidwe mokwanira kosachepera kawiri pachaka komanso zikadetsedwa ndi utsi, khuthulani matumba onse, muwatembenuze, ndipo zidazo muzitsuke pazokha ndi sopo zisanabwerere. Mukachokera ku moto, bwezerani timatabwa, magolovesi ndi choko zomwe mwasiya kumeneko musanapachike jekete.